Wapatukira Apongozi

Pa loji imene ndimagwira ntchito ku Senga Bay panafika mzungu wina wachikulire wa ku Amereka amene sanabwerere nyanja ayi. Anzake akapita kokasambira, iye ankatsala pa bala masana onse, maso ali pa foni, kuonera mpira wakwawo umene amati besibolo. Ndi kampira kakang'ono ngati lalanje, wina amaponya, wina n'kumenya ndi chibonga, kenako liwiro la mtondo wadooka. Ine sindinaumvetse, ndipo sindinamubisire. Koma munthuyo anali wokonda macheza, ndiye ndikumupukutira tebulo anayamba kundiuza mawu amene amalankhula pa mpira wawowo. Akuti mpira ukakwera m'mwamba n'kumatsika mwaulesi moti ngakhale nkhalamba ingauwakhe, iwo amati chitini cha chimanga. Akuti pabwalo pali malo ena amene mipira imafika yaukali, ndipo amawatchula ngodya yotentha. Ndinaseka, chifukwa ndinaona kuti misala yathu ndi imodzi.

Kenako anandifunsa kuti nanga kuno, goloboyi akalola chigoli chophweka, mpira woti mwana akanagwira, anthu amati chiyani. Mnzanga wa kukhitchini amene ankadutsa ndi mbale ndiye anayankha msanga kuti timati wapatukira apongozi. Anafotokoza ndithu, m'Chingerezi chake chothyokathyoka, kuti kwathu mkamwini akakumana ndi apongozi ake aakazi panjira sayang'anana nawo maso ndi maso, amapatukira kutchire n'kunyonyomala mpaka mayiwo adutse. Mzunguyo anaseka mpaka kutsokomola, n'kuzilemba m'foni mwake. Anafunsa kuti anayambitsa mawu okoma chonchi ndani. Mnzangayo anati palibe akudziwa, ndi mawu a makolo. Ine ndinatola matambula n'kulowa mkati, chifukwa mawuwo si a makolo. Ndinawayambitsa ndine, ndipo munthu woyamba kunenedwa anali mng'ono wanga wa bere limodzi.

Kwathu ndi kufupi ndi Khombedza, ukasiya msewu watala n'kulowera kumtunda pang'ono. Kuseri kwa sukulu ya pulayimale kuli bwalo la mpira, limene mkati mwa sabata limakhala la mbuzi. Masiku amenewo ndikapuma ku ntchito Loweruka ndinkakwera minibasi kupita kwathu kukaulutsa mpira. Musaganize za wayilesi. Ndinali ndi kachimkuzamawu ka mabatire, kofanana ndi kamene amayenda nako ogulitsa mankhwala a makoswe, ndipo ndinkayenda nako m'mbali mwa bwalo, uku n'kubwerera, kukuwa zimene aliyense ankaziona kale ndi maso ake. Anthu sankabwera kudzamva kuti mpira uli pati. Ankabwera kudzamva kuti ndinena bwanji.

Ndipo ndinkanena, zimenezo ndisadzichepetse. Wosewera kutsogolo akamenya mpira n'kupitirira pamwamba pa golo, ndinkati watumiza kalata ku nkhalango ya Kuti, mbidzi zikawerenge. Wina akadyetsedwa njomba mpaka kukhala pansi, ndinkati amutuma kuchigayo. Wotchinga kumbuyo akamangogoma mpira osayang'ana kumene ukupita, ndinkati uyu wabwera kudzalima ganyu, mupatseni khasu. Waulesi anali wodzaothera dzuwa. Chigoli chikalowa ndinkakuwa kuti ukonde wakola chambo, ngakhale magolo athu analibe ukonde, inali mitengo itatu ya bulugamu basi. Timu yogonja inkamwa thobwa losasa. Mawu enawa ankafa tsiku lomwelo, ena ankafika mpaka pamsika Lolemba. Ndinali ndi lamulo langa limene ndinkanyadira, loti chimkuzamawu chilibe mbale. Wa timu yathu akalakwitsa ndinkamulasa mofanana ndi mlendo, ndipo n'chifukwa chake ngakhale midzi ina inkandiitana.

Mng'ono wanga anali goloboyi wa timu ya mudzi wathu. Anali wamtali, wofatsa mpaka kukwiyitsa, wa zikhatho zazikulu ngati malichero. Mayi athu ankati pakamwa ponse ndinatenga ine pobadwa, iye ndinangomusiyira manja. Pagolo sankakuwa kapena kutukwana anzake, ankangogwira mpira n'kuupukuta pa jezi ngati wautola m'munda. Atakwatira anapita kuchikamwini, kumudzi wina wa cha ku Chitala, kumene ankalima chimanga m'munda wa kwa akazi ake. Kumeneko kunalinso timu, ndipo anamunyengerera kangapo kuti aziwagwirira pagolo. Anakana. Ankati mchombo wake unakwiriridwa kwathu. Ndiye Loweruka lililonse ankapalasa njinga mtunda wonsewo kudzagwira golo yathu, n'kubwerera dzuwa lisanalowe kuti akamwetse ng'ombe za apongozi ake.

Chaka chimenecho wagolosale wina anaika chikho, mphoto yake mbuzi ndi majezi atsopano. Matimu anachotsana mpaka anatsala awiri, yathu ndi ya kuchikamwini kwa mng'ono wanga. Sabata yonseyo mudzi unali manong'onong'o. Ena ankati munthu sangatseke pakhomo pamene amadyera. Ena anafika pouza kochi kuti amukhazike panja tsiku limenelo. Ine ndinapsa mtima, monga mwa khalidwe langa. Ndinawapeza pansi pa mtengo wa mango pamene ankakonzera njinga, n'kuwatukwana onse mmodzimmodzi. Ndinadziguguda pachifuwa kuti mwana wa mayi anga sagulitsa mudzi, ndipo akadzalola chigoli chachibwana, chimkuzamawu changa adzachiponye m'chimbudzi. Ndinalumbira pamaso pa anthu, ndipo anthu akwathu saiwala lumbiro la munthu wapakamwa.

Linali Loweruka la mu Okutobala, kutentha kwa ku Salima kuja koti ngakhale nkhuku imayenda kukamwa kuli yasa. Anthu anadzaza mpaka ena m'mitengo. A ku Chitala anabwera pa mathirakitala awiri, akuimba. Pakati pawo panali mlamu wanga, mwana ali kumsana, ndi mayi ake, apongozi a mng'ono wangayo, mayi waulemu wake amene anakhala pa mpando pansi pa ambulera. Mpira unali wolimba. Mng'ono wanga anapherera mipira itatu yoti wina aliyense akanamwa, ndipo ine ndinkakuwa kuti lero pakhomo pali galu wolusa, alendo adzere kuseri. Chigawo choyamba chinatha opanda chigoli. Chachiwiri chinkapita kumapeto chimodzimodzi, oimbira mpira ayamba kale kuyang'ana wotchi.

Ndinali nditaima pafupi ndi golo yathu, mapazi ochepa kuchokera pa mtengo wa golo, chifukwa a ku Chitala ankatipanikiza. Wosewera wawo wina anamenya mpira wofooka, wongokwawa pansi. Mng'ono wanga anagwada kumanja kwake kuti autole. Kutsogolo kwake kunali chiputu cha udzu chimene olambula bwalo anachisiya. Mpira unagunda chiputucho, n'kudumphira kumanzere, n'kugubuduka pang'onopang'ono mpaka kudutsa mzere. Ine ndinaona zonse. Ndinaona ngakhale kafumbi kamene kanabuka pachiputupo. Koma khamu linali kutali, ndipo limene linaona ndi goloboyi atagwada mbali ina mwaulemu, mpira ukudutsa mbali inayo osaukhudza.

Mbali yathu kunati zii. Kenako ndinaona mitu ikutembenukira kwa ine, mitu yomwe ija ya pansi pa mango. Manyazi anandigwira, ndipo manyazi a munthu wapakamwa amasanduka mkwiyo msanga. Ndinakwiyira mng'ono wanga chifukwa chondichititsa manyazi, ngakhale ndinkadziwa kuti sanalakwe. Ndinafuna kuti maso aja achoke pa ine. Ndinakweza chimkuzamawu.

"Amayi ndi abambo, mkamwini wapatukira apongozi!"

Bwalo lonse linaphulika ndi phwete, athu ndi alendo omwe. Ena anagwa pansi ndi kuseka. Ine nditamva kukoma kwake ndinabwereza, n'kubwerezanso kachitatu, uku ndikunyonyomala m'mbali mwa mzere n'kumaomba m'manja mwaulemu ngati mkamwini panjira. Ndisaname kuti mawuwo anangondipulumuka. Ndinkadziwa chimene ndinkanena. Ndinkauza mudzi wonse kuti mbale wanga walola dala kuti akondweretse kumene amadya, ndipo ndinanena ndi pakamwa pamene anthu ankakhulupirira kuti sipakondera.

Oimbira ataimba kherere lomaliza, kuseka kuja kunasanduka china. Anyamata a mudzi wathu anamuzungulira. Ankamutchula wogulitsa timu, kapolo wa apongozi, ndi mayina ena oti sindingalembe. Anamuvula jezi mokakamiza, akuti si yake. Ena anathamangira pa njinga yake n'kubaya matayala onse awiri ndi minga. Iye anaima chifuwa chili pamtunda, maso akufunafuna m'khamumo mpaka anandipeza.

"Achimwene, inu munali pafupi. Munaona," anatero.

Chimkuzamawu chinali m'manja mwanga. Mawu asanu okha akanakwana. Koma anthu omwe aja anali akundisisita pamsana kuti lero ndanena, kuti ndine mwamuna wosakondera ngakhale magazi anga. Ndinagogoda kachipangizoko pachikhatho n'kumuuza kuti mabatire atha. Mabatire anali atsopano, ndinagula m'mawa womwewo pa Khombedza.

Anabwerera ku Chitala wapansi, akukankha njinga yophwa, atafunda chitenje cha akazi ake. Mlamu wanga anandiuza patapita nthawi kuti mayi ake anakana kukwera thirakitala ya opambana. Anayenda wapansi nawonso, ndipo mtunda wonsewo mng'ono wanga ankatsalira kumbuyo dala, kusiya mpata pakati pa iye ndi apongozi ake monga mwa mwambo, anthu a m'njira n'kumaloza.

Sanagwirenso pagolo, kwathu kapena kwina kulikonse. Koma mawu anga anayenda. Loweruka lotsatira ndinawamva pabwalo lina pamene ine ndinalibe ntchito. Posakhalitsa anafika pa boma, anafika ku Senga Bay. Atsikana a mpira wamanja anawatola. Makondakitala a minibasi ankawanena dalaivala akapatukira lole. Anthu ankandiitana pamsika kuti ndiwabwerezere momwe ndinanenera tsiku lija, ndi kunyonyomala komwe, ndipo ndinkawachitira. Mayi athu okha ndi amene sanaseke. Anandiuza kuti ndakwatira chimkuzamawu n'kusudzula mbale wanga, ndipo tsiku lina ndidzafuna wondinyamula n'kupeza kuti chimkuzamawu chilibe mapewa. Ndinawayankha mwamwano kuti za mpira sazidziwa.

Chimene chinkandipweteka kwambiri n'choti iye sanandikalipire. Akananditukwana tikanamenyana n'kutha, ndi momwe ine ndimadziwira kuthetsa nkhani. Koma tikakumana pa ukwati kapena pamaliro ankandipatsa moni wa manja awiri, kufunsa za ana, za ntchito, ngati akulankhula ndi abusa. Kwathu anasiya kubwera. Mayi akamufuna ankapita okha ku Chitala. Pa maliro a mayiwo anabwera, n'kugwira ntchito zonse mwakachetechete, kuwaza nkhuni, kutunga madzi a adzukulu okumba manda. Pobwera kumanda anapatuka m'kanjira kuti amayi ena okalamba adutse, ndipo chidakwa china kumbuyo kwanga chinanong'ona mawu aja, anzake n'kumadzitsina kuti asaseke. Ndinatembenuka nditakunga chibakera. Koma ndikanamenya yani? Munthuyo ankangobwereza zimene ndinamuphunzitsa. Mng'ono wanga anamva, ndipo sanadikire ngakhale kumeta, ananyamuka madzulo omwewo.

Zaka zinapita. Ine ndinasiya kuulutsa mpira, miyendo itayamba kudandaula komanso atabwera achinyamata a masipika akuluakulu. Ndinkadziuza kuti nkhani ija inapola yokha, kuti kuikumba n'kutokosa chilonda. Kunali kunama. Panalibe Loweruka limene ndinadutsa pabwalo la mpira osakumbukira chiputu chija.

Chaka chatha mu Januwale mlamu wanga anandiimbira foni kuti achimwene anu sali bwino. Anali ndi matenda a shuga, miyendo itatupa, ndipo kuchipatala anali atawabweza kuti azikamwera mankhwala kunyumba. Ndinapempha tsiku ku ntchito. Ndinatsika minibasi n'kukwera kabaza, matope mpaka m'mawondo. Ndinamupeza pakhonde atatsamira khoma, munthu wamtali uja atatha, zikhatho zokha zili zomwe zija. Apongozi ake, atakalamba kwambiri tsopano, anali patsidya pa bwalo akusadzula nkhwani, ndipo iye ankalankhulabe motsitsa mawu chifukwa cha iwo. Tinakamba za mvula, za mbozi zimene zinagwa m'chimanga, za mtengo wa feteleza. Ine wapakamwa ndinazungulira ola lathunthu ngati galu wofuna pogona. Potsiriza ndinangoti phwa.

"Mphwanga, mpira uja unagunda chiputu. Ndinaona ndi maso angawa. Ndipo mabatire sanathe."

Anamwetulira pang'ono.

"Ndikudziwa, achimwene. Ine ndinali pomwepo," anatero. "Musandiuze ine. Mukanene pamene munanenera paja."

Sanapemphe china. Anati ana ake akula akumva kuti bambo awo anagulitsa mudzi wawo, ndipo mayi aja patsidyapo akhala zaka zonsezi akuyesedwa munthu amene anagula mkamwini ndi chakudya. Ankafuna kuti mawu amene anatuluka pa chimkuzamawu akabwezedwe pa chimkuzamawu. Ndinamugwira dzanja n'kulonjeza. Ndinalira, iye osalira.

Koma tamverani uchitsiru wanga. Ndinati nthawi ya dzinja kulibe mpira, bwalo lamera udzu, anthu ali kuminda, ndidikire akolole kuti ndidzanene pa khamu lenileni. Zinkamveka zanzeru. Zoona zake n'zoti ndikanatha kuima pamsika wa Khombedza tsiku la msika, ndikanatha kupempha mpata kutchalitchi pa zolengeza, ndikanatha kuyenda khomo ndi khomo, mudzi wathu si waukulu. Ndinkachita mantha kuima pamaso pa anthu n'kunena kuti pakamwa pamene ankaombera m'manja panali pabodza. Ndinkadikira Meyi. Mng'ono wanga anamwalira mu Malichi, chimanga chake chili chiwisi, ndipo tinamuika kuchikamwini komweko chifukwa ndi kumene iye anasankha.

Mpira woyamba chitatha kukolola unaseweredwa mu Juni. Ndinafukula kachimkuzamawu kaja pansi pa bedi, ndinakapukuta, n'kugula mabatire. Pa nthawi yopumulira ndinalowa pakati pa bwalo osapempha aliyense. Ndinanena zonse. Ndinatchula chaka, chikho, mbuzi, chiputu, jezi imene anamuvula, minga ya m'matayala, mabatire. Ndinati mbale wanga sanagulitse mudzi, wogulitsa ndinali ine, ndinagulitsa iyeyo kuti museke bwino. Ndinawapempha kuti mawu aja awasiye, agone limodzi ndi mwini wake. Kachipangizoko kankalira ngati mwana wa mbuzi.

Anthu ankangondiyang'ana. Ambiri anali achinyamata amene tsiku lija anali kumsana kapena asanabadwe. Ena ankafunsana kuti madalawa aledzera kapena ndi a chipani. Akuluakulu awiri atatu amene ankakumbukira anaweramitsa mitu, mmodzi n'kuchoka. Oimbira anandipempha mwaulemu kuti ndipereke mpata, nthawi yatha. Ndinapita kukaima pafupi ndi golo ija. Mitengo ya bulugamu anaichotsa kalekale, pano pali zitsulo ndi ukonde weniweni, ndipo pamene panali chiputu ndi dothi losalala.

Chigawo chachiwiri chisanafike pakati, goloboyi wa alendo, mnyamata woonda wa magolovesi obwereka, anaphonya mpira wokwawa. Wa masipika sanayambe n'komwe. Bwalo lonse linakuwa lokha mawu aja, mazana a anthu pakamodzi, amayi, ana, ogulitsa nzimbe, mosangalala ndi mopanda njiru iliyonse. Ndinaona mnyamatayo akuweramira pansi kutola mpira muukonde. Ndinazimitsa kachimkuzamawu n'kuyamba ulendo wa kumsewu, mpira usanathe.

Mzungu uja anakhala nafe masiku anayi. M'mawa wa tsiku lonyamuka tinakumana pakanjira kopapatiza ka pakati pa khitchini ndi malo odyera, ine nditanyamula thireyi ya tiyi, iye akukoka chikwama. Anaima, n'kupatukira m'maluwa, n'kupinda mawondo movutikira ndi mimba yake, akuomba m'manja. Anali ataloweza mawu aja usiku wonse, zinkaoneka.

"Wapatukira apongozi," anatero m'Chichewa chake chopotoka, nkhope ili mwee, akudikira kuti ndiseke.

Anati akafika kwawo akawaphunzitsa anzake a ku besibolo. Ndinamuthokoza, ndinamufunira ulendo wabwino, n'kudutsa ndi thireyi yanga. Tiyi ndinakafikitsa pa tebulo, koma theka linali litatayikira m'sosala.